Mtsinje umadwalira kumtunda

Tsiku lina kukagwa mvula yamphamvu, mutenge botolo loonekera mkati mukatunge madzi mumtsinje umene muli nawo pafupi. Mulitseke, muliimike pamalo osagwedezeka, mukagone. M'mawa mudzapeza madzi aja atadzilekanitsa okha. Pansi penipeni pakhala mchenga, pamwamba pa mchengawo pakhala matope osalala, ndipo pamwamba pa zonse pali madzi otuwa amene akukanabe kuyera ngakhale agona usiku wonse. Zimene zadikha pansizo dzulo lake zinali munda wa munthu wina, m'mphepete mwa msewu, kapena gombe limene linagumuka makilomita 30 kumtunda kwa pamene munaima. Mtsinje wangozinyamula basi.

Apa ndi pamene nkhani yosamalira mitsinje imayambira, ndipo ndi pamenenso ambiri timasocherera. Tikaona mtsinje wada, waphwa kapena wasefukira, timathamangira kumadziko: kuchotsa mchenga umene wadzaza, kumanga zipupa m'gombe, kutola zinyalala. Ntchito zimenezi n'zabwino ndithu, koma zili ngati kukolopa m'nyumba denga likudonthabe. Matenda a mtsinje amayambira pa nthaka youma, kutali ndi gombe, pamalo amene munthu sangaganize kuti akukhudzana ndi madzi.

Mtsinje uliwonse uli ndi dera lake lothiramo madzi. Tiyerekeze kuti mwaima pamsana pa phiri mvula ikugwa. Dontho logwera kudzanja lanu lamanja litsikira kuchigwa china, logwera kumanzere litsikira kuchigwa chinanso, ndipo madontho awiriwo mwina sadzakumananso mpaka kunyanja yamchere. Msana mwaimapowo ndiwo malire. Mukaulondola, kukwera ndi kutsika nawo, mudzazungulira dziko lonse limene madzi ake amatsikira mumtsinje umodzi. Mapiri, nkhalango, minda, madambo, midzi, misewu, mafakitale, madenga a nyumba, zonse zili m'katimo. Dera limeneli lili ngati beseni lalikulu lopendekeka lokhala ndi potulukira pamodzi. Chilichonse chotayikira m'besenimo, chingachedwe bwanji, chidzafika potulukirapo.

Madera amenewa amalowana, laling'ono m'kati mwa lalikulu. Kakhwawa ka mahekitala 50 kamathira mumfuleni, mfuleni umathira mumtsinje, mtsinjewo umathira mu unzake waukulu. Dera la mtsinje wa Amazon ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 7 miliyoni. Mtsinje wa Mississippi umalandira madzi ochokera pa magawo 41 mwa magawo 100 alionse a nthaka ya United States, tikachotsa Alaska ndi Hawaii. Danube umatunga m'mayiko 19, Nile m'mayiko 11, Zambezi m'mayiko 8. Kaya dera ndi lalikulu kaya laling'ono, kayendedwe ka madzi n'kamodzi, ndipo palibe munthu wokhala kunja kwa dera la mtsinje wina wake. Ngakhale amene sanapondeko kumtsinjeko, madzi ochoka pakhomo pake amaidziwa njira yake.

Dontho la mvula likafika pansi lili ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Likhoza kulowa m'nthaka kapena kuyenderera pamwamba. Mwa madzi olowa m'nthaka, ena amamwedwa ndi mizu n'kubwerera kumwamba kudzera m'masamba. Ena amatsika mpaka m'mipata ya miyala ya pansi, kumene amayenda pang'onopang'ono kwa masabata, miyezi, pena zaka, asanatulukire pa kasupe kapena pansi pa mtsinje. Madzi amene mumawaona akuyenda mumtsinje patapita miyezi inayi kopanda mvula ndi amenewa. Ndi omwewonso amene zitsime ndi mijigo imatunga. Oyenderera pamwamba aja amafika mumtsinje tsiku lomwelo, pena ola lomwelo, atasenza dothi, ndipo mawa lake amakhala atapita kale. Choncho nkhani yonse yagona pa funso limodzi: mwa madontho 100 amene agwa, ndi angati alowa pansi, ndipo ndi angati athamanga?

Chimene chimagamula mlanduwu ndi masentimita ochepa a pamwamba pa nthaka. Mukafukula masamba ofota pansi pa mtengo m'nkhalango mumapeza dothi lakuda, lofewa, lonunkhira chinyontho, lobooledwabooledwa ndi nyongolotsi, chiswe ndi mizu yakale yowola. Mukathirapo chidebe cha madzi, amangomira musanaphethire. Tsono pitani pamunda wopanda chophimba chilichonse. Dontho lalikulu la mvula limagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa ola. Likamenya dothi la pambalambanda limaswa zibuma, tizidutswa timathovukira m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake khoma la nyumba limakhala ndi madontho a matope m'munsi mwake mvula ikakata. Tizidutswa tosalalato timakatseka tizibowo ta nthaka. Dzuwa likawomba, pamwamba pamauma gwa ngati apakapo pulasitala. Mvula yotsatira imapeza khomo lotseka, ndipo imangodutsa.

Manambala ake ndi odabwitsa munthu akawawerengetsa bwino. Mvula ya milimita 1 pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mvula ya milimita 40, imene ingagwe madzulo amodzi, ndi malita 400,000 pa hekitala. Theka lake likathamanga, ndiye kuti migolo 1,000 ya malita 200 yachoka pa hekitala imodzi yokha, ndipo dera la mtsinje lili ndi mahekitala masauzande ambiri. Dothi nalonso limachoka mobisika. Litakokoloka lokhuthala milimita 1 yokha pa hekitala, limalemera matani oposa 10, koma palibe mlimi angaone ndi maso kuti munda wake watsika ndi milimita imodzi. Amangodabwa kuti miyala ikumera m'munda ndipo zokolola zikuchepa chaka ndi chaka. Limene lachokalo ndi lapamwamba, lachonde, ndipo chilengedwe chimatenga zaka mazana kuti chipange sentimita imodzi ya dothi lotere.

Kusefukira kwa madzi ndi kuphwa kwa mitsinje ndi ana a mimba imodzi. Madzi amene anamiza midzi ya kumunsi m'dzinja ndi omwewo amene anayenera kulowa pansi kuti akatuluke pa kasupe m'chilimwe. Anthu amati nyengo yasintha, ndipo n'zoona kuti yasintha, mvula m'madera ambiri ikubwera yaukali m'masiku ochepa. Koma pali zigwa zambiri kumene mvula ya pachaka ndi yomweyo ya kale, chosintha n'chakuti nthaka inaleka kumwa. Mchenga wotsika nawo umakweza pansi pa mtsinje, moti madzi amene kale ankakwanira m'ngalande mwake tsopano amatayikira kunja. Umadzaza madamu, umadya makina opangira magetsi, umakwirira timiyala timene nsomba zina zimaikirapo mazira, ndipo umakweza mtengo woyeretsera madzi akumwa.

Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kugwira pa nkhani yonseyi, ndi liwiro. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Madzi oyenda mwachifatse amatula dothi limene anasenza ndipo amapeza mpata wolowa pansi. Pafupifupi njira zonse zosamalira dera la mtsinje, kuyambira pa udzu wa pamzere mpaka pa dambo la mahekitala masauzande, ndi njira zochedwetsera madzi.

Mitengo ndiyo imabwera m'mutu mwa aliyense poyamba, ndipo pamenepa m'pofunika kufatsa, chifukwa zoona zake n'zopindika kuposa zimene timamva pa tsiku lodzala mitengo. Ku Hubbard Brook, m'mapiri a New Hampshire ku United States, asayansi otsogozedwa ndi Herbert Bormann ndi Gene Likens anachita kafukufuku wotchuka. M'nyengo yozizira ya 1965 mpaka 1966 anagwetsa mitengo yonse m'kachigwa ka mahekitala pafupifupi 16, n'kuisiya pomwepo, ndipo kwa zaka zitatu ankapopera mankhwala kuti pasamere kanthu. Chaka choyamba madzi otuluka m'kachigwako anachuluka ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, pakuti panalibenso masamba omwa madzi. Koma madziwo anatuluka atatenga chakudya cha m'nthaka: mchere wa nayitirojeni mumtsinjemo unawirikiza koposa ka 40. Nkhalango, kafukufukuyo anaonetsa, imagwira chonde kuti chisathawe ndi madzi, komanso imamwa madzi ambiri.

Ku South Africa anaphunzira mbali yachiwiriyi ndi misozi. Kuyambira mu 1935, ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, ankayeza madzi a m'timitsinje ta m'mapiri asanadzalemo paini ndi atadzalamo. Zotsatira zake, pamodzi ndi za kafukufuku wina wotere m'dzikomo, zinaonetsa kuti paini ndi bulugama zikadzalidwa pamalo amene kale panali udzu ndi zitsamba zachilengedwe, mitsinje imachepa madzi. Mu 1995 boma linayambitsa ntchito ya Working for Water, nduna ya zamadzi ili Kader Asmal, ndipo inalemba anthu osauka masauzande ambiri kuti azidula mitengo yachilendo imene inafalikira m'mapiri ndi m'magombe. Kumeneko kudula mtengo kunali kupulumutsa mtsinje.

Izi sizikutanthauza kuti mitengo ndi mdani wa madzi. Nkhalango yachilengedwe imateteza nthaka kuposa china chilichonse, imatulutsa madzi oyera, ndipo nkhalango zikuluzikulu monga ya Amazon zimabwezera chinyontho kumwamba chimene chimakagwanso ngati mvula patsogolo. Pa nthaka imene inauma gwa, mitengo ikabwerera n'kufewetsa dothi, akasupe akhoza kudzukanso. Chofunika ndi mtengo woyenera pamalo oyenera. Ine mtima umandipweteka ndikaona mbande za mitengo yomwa madzi kwambiri zitandandalikidwa pa gwero la kasupe kapena m'dambo, anthu atachita ndi mtima wabwino, osadziwa kuti akutseka chitsime chawo chomwe. Ndipo nthawi zambiri kusamala mitengo imene ilipo kale kumaposa kudzala yatsopano. Ku Niger, kuyambira cha m'ma 1983, Tony Rinaudo ndi alimi a kumeneko anazindikira kuti zitsa za m'minda sizinafe, mizu yake ili moyo pansi. Anayamba kusankha mphukira zamphamvu pa chitsa chilichonse, kudulira zinazo, n'kuziteteza ku moto ndi ziweto. Njira imeneyi inafalikira pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Chitsa chili ndi mizu yozama kale, pamene mbande ya m'chubu imayamba ndi kulimbana ndi chilala.

Komabe gawo lalikulu la madera ambiri a mitsinje ndi minda, ndipo anthu ayenera kudya. Nkhondo yeniyeni ili m'mundamo. Mizere yotsetsereka ndi phiri ndi ngalande zothamangitsira madzi, pamene mizere yopingasa, yoyezedwa bwino motsata akalozera, imasandutsa khwawa lililonse la pakati pa mizere kukhala kadziwe. Udzu wa vetiva wodzalidwa mothithikana pa mzere umasefa dothi, mizu yake imatsika mamita awiri kapena atatu, ndipo pakapita zaka kumtunda kwake kumadzaza dothi n'kupanga sitepe yokha. Mapesi osiyidwa m'munda amalandira nkhonya ya dontho m'malo mwa nthaka, amasunga chinyontho, ndipo akawola amadyetsa nyongolotsi zimene zimaboola njira za madzi. Moto umachita zosiyana ndi zonsezi. Munda kapena tchire lotenthedwa kumapeto kwa chilimwe limakumana ndi mvula yoyamba, imene kawirikawiri imakhala yaukali, lili lamaliseche.

Pali chinthu china chimene sichitchulidwa mokwanira: njira. Kanjira ka anthu kotsikira kumadzi, mkwaso wa ng'ombe, msewu wafumbi wopanda ngalande zotayira madzi m'mbali, zonsezi zimasonkhanitsa madzi a dera lalikulu n'kuwaponya pamalo amodzi. Zigwembe zambiri zimabadwa chotero. Chigwembe chimakula chobwerera m'mbuyo, mutu wake ukudya chokwera phiri mvula iliyonse, ndipo chikazama chimakhetsa madzi a pansi a minda yoyandikana nacho, nthaka n'kuuma. Kuchitchinga ndi miyala kapena zikhomo kumathandiza, makamaka tizitchinga tambiri tating'ono m'malo mwa chimodzi chachikulu, koma madzi saiwala khwawa. Ngati amene akuchidyetsa kumtunda sanachepetsedwe, adzazungulira chotchingacho n'kukumba pambali. Ntchito imayambira pamwamba kutsika nayo, osati pansi kukwera.

Kuti dera lowonongekeratu likhoza kuchira, umboni waukulu uli ku China. Chitunda cha Loess, chachikulu masikweya kilomita oposa 600,000, chili ndi dothi lachikasu losavuta kukokoloka, ndipo kwa zaka mazana ambiri kulima m'zitunda ndi kudyetsa mbuzi kunachisiya chili zigwembe zokhazokha. Mtsinje wa Yellow, umene umadutsa m'derali, unkanyamula matani pafupifupi 1.6 biliyoni a dothi pa chaka. Mu 1994 boma la China ndi World Bank anayamba ntchito yokonza mbali ina ya derali. Anadula masitepe m'zitunda zotsetsereka pang'ono, analeka kulima m'zitunda zotsetsereka kwambiri n'kuzibwezera udzu ndi mitengo, anatseka zigwembe ndi timadamu togwira dothi, ndipo mbuzi zinayamba kudyera m'khola. Alimi anapatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito malowo kwa zaka zambiri, kuti akhale ndi chifukwa chowasamalira. Lero dothi lotsika mumtsinjewo silifikanso ngakhale theka la lakale, ngakhale kuti madamu akuluakulu nawo akugwirako lina. Kumenekonso phunziro la mitengo linabwera: m'malo ena ouma, mitengo yodzalidwa mothithikana inaumitsa nthaka ya pansi.

Tikatsika kufika m'mphepete mwa mtsinje, tipeza kamzere kakang'ono ka nthaka kamene kamagwira ntchito yoposa kukula kwake. Bango, udzu, zitsamba ndi mitengo ya m'gombe zimaluka dothi ndi mizu kuti lisagumuke. Zimasefa matope ndi feteleza wochokera m'minda asanalowe m'madzi. Mthunzi wake umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri wa okosijeni kuposa ofunda. Masamba ogwera m'madzi amadyetsa tizilombo, tizilombo timadyetsa nsomba, ndipo nkhuni zogwera mumtsinje zimapanga maiwe obisalamo nsombazo. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oletsa kulima mpaka m'gombe, koma nthaka ya m'gombe ndiyo yachinyontho ndi yachonde, ndipo munthu wa njala lamulo amaliona patali. Kukumba mchenga womangira nako kumazamitsa mtsinje, magombe n'kugwera m'kati, madzi a m'zitsime zapafupi n'kutsika.

Dambo ndiye nkhokwe. Limamwa madzi osefukira, limawasunga, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo m'matope ake muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa nayitirojeni wa m'madzi kukhala mpweya. Mayiko anasainirana pangano loteteza madambo mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, komabe pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lapansi linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madambo achilengedwe amene ankayezedwa. Dambo limaoneka ngati malo ongowonongeka mpaka tsiku limene lachotsedwa.

Ngakhale kukhotakhota kwa mtsinje kuli ndi ntchito. Ku Florida, mtsinje wa Kissimmee unkayenda mokhota makilomita pafupifupi 166 pakati pa madambo. Pakati pa 1962 ndi 1971 mainjiniya anauwongola kukhala ngalande yozama ya makilomita 90, pofuna kuthana ndi kusefukira. Madambo anauma, mbalame za m'madzi zinachepa kwambiri, nsomba zinasowa, ndipo madzi anayamba kuthamangira kunyanja ya Okeechobee osasefedwa. Boma linadzawononganso ndalama zambiri kukwirira mbali ya ngalandeyo kuti mtsinje ubwerere m'makhotolo ake akale, ntchito imene inatha mu 2021. Mtsinje wowongoka umangotumiza chigumula kwa okhala kumunsi.

M'matauni vuto ndi lomwelo la khomo lotseka, kungoti kumeneko chotseka ndi malata, phula ndi simenti. Madzi onse a padenga ndi pamsewu amafika mumfuleni m'mphindi zochepa. Thanki yokololera madzi a padenga, bwalo la udzu m'malo mwa la simenti, ndi kusamanga m'njira za madzi, n'zimodzi ndi mzere wopingasa wa mlimi.

Za kuipitsa madzi zili pawiri. Pali uve wotuluka pa paipi imodzi imene munthu angaloze ndi chala, monga wa fakitale, mgodi kapena suweji. Pa 1 November 1986 nyumba yosungiramo mankhwala ya kampani ya Sandoz pafupi ndi Basel ku Switzerland inapsa, ndipo madzi ozimitsira moto anakokolera matani ambiri a mankhwala ophera tizilombo mumtsinje wa Rhine. Mtsinje unafiira, nsomba zinafa pa mtunda wa makilomita mazana. Ngoziyo inadzidzimutsa mayiko a m'mbali mwa Rhine, ndipo chaka chotsatira anagwirizana ndondomeko yoyeretsa mtsinjewo, cholinga chake chooneka ndi maso chili chakuti nsomba ya salmon ibwerere. M'zaka za m'ma 1990 inayamba kubwerera. Mtsinje wa Thames ku London, umene m'ma 1950 mbali yake ina inalibe nsomba ndi imodzi yomwe, unachiranso atakonza malo oyeretsera suweji. Uve wa papaipi ndi woopsa, koma uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo akhoza kukakamizidwa.

Wovuta ndi uve wopanda mwini, wochokera pang'onopang'ono m'minda, m'makola, m'zimbudzi ndi m'misewu ya dera lonse. Feteleza amene mbewu sizinadye amakadyetsa ndere ndi namasupuni m'madzi. Nderezo zikafa n'kuyamba kuwola zimatha okosijeni, nsomba n'kubanika. Kumathiriro a Mississippi, m'nyanja ya Gulf of Mexico, chaka chilichonse m'nyengo yotentha mumapangika dera losowa okosijeni, ndipo mu 2017 linakula kuposa masikweya kilomita 22,000. Alimi amene feteleza wawo amathandizira zimenezi ambiri amakhala makilomita oposa 1,000 kuchokera kunyanjako. Mu August 2014 anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo ku Ohio anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipope kwa masiku atatu chifukwa cha poizoni wa ndere za m'nyanja ya Erie. Mankhwala ake ndi osatchuka: kuthira feteleza wokwanira pa nthawi yake, osati mvula yaikulu ili pafupi, kumanga khola ndi chimbudzi kutali ndi madzi, kumwetsera ziweto pamalo okonzedwa, ndi kusiya udzu wa m'gombe uja.

Kuti mudziwe ngati mtsinje uli moyo simusowa makina. Lowani pamalo osaya pamene madzi akuyenda pa miyala, mutole mwala waukulu ngati chibakera, muutembenuze. Mumtsinje wathanzi pansi pa mwalapo pamakhala piringupiringu: tizilombo taphwatalala ta michira iwiri kapena itatu tothawira m'mbali, tina tokhala m'timachubu timene tamanga ndi mchenga ndi tizitsotso, tinkhanu, ana a tombolombo. Tambiri mwa timeneti sitipirira madzi osowa mpweya. Mukapeza mwala woterera ndi ndere, pansi pake pali timphutsi tofiira ndi misundu basi, dziwani kuti mtsinjewo ukubanika, ngakhale madzi ake akuoneka oyera tsikulo. Tizilomboti timakhala m'madzimo miyezi yambiri, choncho timasunga mbiri ya uve umene unadutsa usiku anthu ali m'tulo.

Kutunga mopyola muyeso nako kumapha mtsinje. Nyanja ya Aral ku Central Asia inali yachinayi kukula pa nyanja zonse zozunguliridwa ndi mtunda padziko lonse, koma kuyambira m'ma 1960 madzi a mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya anapatutsidwira ku minda ya thonje, ndipo lero mabwato a asodzi ali pamchenga makilomita ambiri kutali ndi madzi. Mtsinje umafunika kusiyiridwa gawo lake, makamaka m'chilimwe.

Zonse zimene tafotokozazi n'zodziwika, ndipo zambiri n'zosadula. Nanga bwanji mitsinje ikupitirira kufa? Yankho lili pa kapendekedwe ka beseni lija. Wogwira ntchito ali kumtunda, wodya phindu ali kumunsi. Mlimi wa m'phiri akasiya kulima m'gombe wataya gawo labwino la munda wake, ndipo amene apindule ndi wotsegula mpope mumzinda, amene sadzamudziwa n'komwe. Kuuza munthu wotere kuti azikonda chilengedwe, popanda kumuthandiza kusenza katunduyo, n'kupanda chilungamo, ndipo sikugwira ntchito.

Mzinda wa New York unazindikira zimenezi pamene unapanikizika. Madzi ake ambiri, pafupifupi magawo 90 pa 100, amachokera kumapiri a Catskill ndi kumtunda kwa mtsinje wa Delaware, makilomita oposa 150 kuchokera mumzindawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malamulo atsopano anafuna kuti mzindawo umange malo osefera madziwo, amene akanadya madola 6 biliyoni kapena kuposa, osawerengera zoyendetsera chaka ndi chaka. Poyamba mzinda unafuna kungokhwimitsa malamulo kwa anthu a kumapiriko, ndipo iwo anakana kwamtuwagalu. Atakambirana kwa zaka, mu 1997 anasainirana mgwirizano. Mzinda unayamba kugula malo kwa okhawo ofuna kugulitsa, kulipira zokonzera suweji za m'matauni ang'onoang'ono a kumtunda, ndi kulipira alimi a ng'ombe zamkaka kuti akonze makola, mosungira ndowe ndi mipanda ya m'gombe, pa ndondomeko yoyendetsedwa ndi alimi eni ake. Ndalama zimene zinalowa m'zaka zoyambazo zinali pafupifupi madola 1.5 biliyoni, ndipo mpaka lero madzi a ku Catskill amafika mumzinda osadutsa m'malo osefera aja.

Ku Kenya akuyesa njira yofanana nayo. Pafupifupi madzi onse a mumzinda wa Nairobi amachokera kumtunda kwa mtsinje wa Tana, kumene kuli alimi ang'onoang'ono ambirimbiri m'zitunda zotsetsereka. Mu 2015 kunakhazikitsidwa thumba la ndalama limene makampani ndi mabungwe ogwiritsa ntchito madzi kumunsi amaponyamo, kuti lithandize alimiwo kudula masitepe, kudzala udzu ndi mitengo ya zipatso, ndi kukumba maiwe okololera madzi a mvula. Chimene ndimachiona chanzeru pamenepa n'chakuti mlimi amayamba iye kupindula. Dziwe limam'patsa madzi othirira m'chilimwe osatsikira kugombe, ndipo mtsinje umapeza mpumulo chifukwa munthu wapeza njira yabwinopo. Ntchito yosamalira dera la mtsinje imene siidzaza nkhokwe ya mlimi imatha tsiku limene galimoto ya bungwe yachoka.

Vuto lina ndi malire. Anthu anadula maboma ndi mayiko motsata zifukwa zawo, kawirikawiri mtsinje weniweniwo n'kukhala malire, moti tsidya lino kuli lamulo lina, tsidya ilo lina. Padziko lapansi pali madera a mitsinje oposa 260 amene ali m'mayiko awiri kapena kuposa. N'chifukwa chake mayiko a European Union mu 2000 anagwirizana kuti madzi aziyendetsedwa motsata dera la mtsinje, ndipo mayiko ambiri a m'chigwa cha Zambezi mu 2004 anasainira pangano lokhazikitsa bungwe loyang'anira mtsinjewo pamodzi. Koma mapangano a pamwamba amagwira pokhapokha ngati pansi pali anthu a kachigwa kamodzi amene amadziwana, amene angakhale pansi n'kugwirizana kuti ng'ombe zizimwera pati, moto uziotchedwa liti, ndi kuti wophwanya pangano atani naye. Kachigwa ka midzi ingapo n'kosavuta kukagwira kuposa mtsinje wonse, ndipo zotsatira zake zimaoneka anthu asanatope.

Kutopa n'kumene kumagwetsa ntchito zambiri, chifukwa nthaka imachira mochedwa. Matope mumtsinje akhoza kuyamba kuchepa pakatha dzinja limodzi kapena awiri, koma madzi a pansi amatenga zaka kuti akwere, ndipo feteleza amene analowa kale pansi amapitirira kutuluka ngakhale alimi atasintha. Ntchito zambiri zothandizidwa ndi mabungwe zimakhala za zaka zitatu kapena zisanu, ndipo zimawerenga mbande zodzalidwa m'malo mwa mitengo yopulumuka. Anthu a m'kachigwa akhoza kusunga kaundula wawo wosadula: ndodo yolembedwa masentimita yokhomedwa pa mlatho, botolo la madzi lotungidwa pamalo amodzimodzi ikagwa mvula yaikulu, chithunzi cha chitunda chomwecho chojambulidwa mwezi womwewo chaka chilichonse, ndi kope lolembamo tsiku limene kasupe wasiya kutuluka. Chaka chimodzi sichinena kanthu, pakuti mvula imasiyana. Koma tsiku la m'kope lija likamasunthira kutsogolo, chaka chino sabata imodzi, pakatha zaka zisanu mwezi wathunthu, ndiye kuti mvula yayambanso kulowa pansi.